Mpweya wa pa Sadaka ya ku Ntaja

Lolemba, 5 Ogasiti
Chimbale chathu chachiwiri chafa. Miyezi inayi, sindinachimvepo m'minibasi ngakhale imodzi. Wokopera anthu nyimbo pa Balaka akuti, "Fanki yanuyi ndi yaukhondo, koma thupi silikugwedezeka." Zoona, n'chifukwa chake zikuwawa. Sadiki, woimba ng'oma wathu, wabwerera kwawo ku Ntaja. Ati akaganize kaye. Popanda iye bandi palibe. Gitala yanga ya besiyi ndi phokoso chabe.

Loweruka, 10 Ogasiti
Ku Ntaja, sadaka ya malemu bambo ake a Sadiki. Ine Mkatolika, phee kumapeto kwa mkeka. Amuna anaima mozungulira kuchita sikiri. Ng'oma ayi, mpweya wa m'chifuwa wokha, hi-ha, hi-ha, mapazi kugunda pansi. Chala changa chinayamba kudumpha pa ntchafu. Ndinajambula pa foni, osapempha. Sindikudziwa chifukwa chake. Bodza, ndikudziwa.

Lachiwiri, 13 Ogasiti
Ndaika mpweya uja pansi pa besi. Jacqueline, woimba wathu, anayamba kuvina asanatule n'chikwama chomwe. Mawu anawapeka pomwepo. Zaka zitatu sitinapangepo chotere. Ndasangalala.

Lamlungu, 18 Ogasiti
Ndinapita nayo nyimboyo kwa Sadiki. Anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope ili gwa. "Achimwene, anthuwa akupempherera bambo anga. Mukufuna azikawavina m'mabala?" Ndinati umenewo ndi ulemu. Anati iyayi, n'kuba. Ndifufute, apo ayi ndisadzamuitanenso.

Nyimbo yabwino kuposa zonse, yakubanso. Mutu wanga wabalalika.

Lachisanu, 30 Ogasiti
Ndafufuta. Jacqueline sakundiyankhula. Sadiki wabwera ndi timitengo take toimbira ng'oma, moni wochepa.

Lolemba, 2 Sepitembala
Tajambulanso, ng'oma zake ndi besi yanga basi. Zatuluka, thupi likugwedezeka lokha. Onse atapita ndinamvetseranso, ndipo kuseri kwa ng'oma kukumveka kanthu. Hi-ha. Hi-ha. Ndi Sadiki, akupuma uku akuimba, maikolofoni yatola. Ndiye kuti wakhala akupuma choncho zaka zonsezi. Pa chimbale chakufa chija mpweyawo ndinauchotsa ndine, sabata yathunthu, ati kuyeretsa.

Ndiye uwu ndi pemphero kapena kupuma chabe? Wake kapena wa bambo ake? Mawa akubwera kudzamva. Ndikamuuza, mwina ati fufuta. Ndikapanda kumuuza ndabanso, ndipo ulendo uno ndikudziwa bwino lomwe.