Ndege ya Mpando Umodzi

Tho Xuan, nyengo ya mvula

Mdzukulu wanga Khuyen,

Ndikulonjera, mwana wa mwana wanga. Uli bwanji ku Taiwan kuja? Ukudya mpunga weniweni kapena ukungomeza timaphukusi ta m'sitolo? Pa chithunzi chija waonda ngati nsungwi. Kuno tilipo. Maondo ndi omwe aja, bambo ako ndi omwe aja, sindidziwa chikundiwawa kwambiri n'chiti.

Usaseke zilembo, ndalemba ndekha. Nkhaniyi sindifuna idzere m'kamwa mwa mayi ako.

Chikumbutso cha imfa ya agogo ako aamuna, a Luc, chayandikiranso. Chaka chatha anzanga ankati ndiwawotchere nyumba ya mapepala, njinga yamoto ndi foni, akagwiritse ntchito kumene aliko. Ndinati munthu uja foni ankaiopa ali moyo, kumeneko akaimbira ndani? Chimene ankakonda ndi chimodzi: chindege chankhondo chimene ankayendetsa chija. Mkazi mnzanga ameneyo. Chinkadutsa pamwamba pa denga chili zii, phokoso n'kumabwera pambuyo, nkhuku n'kusiya kuikira.

A Tich opanga zamapepala aja, nditawapempha andipangire ndegeyo, anati yotere sanaionepo pafupi, ndikaione ndidzawafotokozere. Ndinakwera basi mpaka ku Hanoi, kumene amasungirako ndege zakale.

Mwanawe, zaka zonse zija ndinali ndisanaionepo ili pansi. Ndinaipeza pabwalo, utoto wasuluka ndi dzuwa, yayasama ngati mlamba, ana a sukulu akunyambita ayisikilimu pansi pa phiko. Ndinawerama n'kudutsa pansi pa chingwe, n'kuyamba kuiyeza ndi mpango wanga. Mlonda anabwera chothamanga, akuti agogo, pamenepo saloleza, mukufuna kuiba? Ndinati inde, ndiiika m'dengumu, tandigwirira kumchirako. Anaseka, n'kundikweza pa kansanja kamene alendo amasuzumirirapo mkati.

Mpando umodzi, Khuyen. Umodzi wokha, wothina ngati mtondo. Ngakhale poika dengu palibe.

Nditabwerako ndinawauza a Tich zonse, kukamwa, mapiko, mchira. Iwo anafunsa za makwerero, akuti ndege yaitali chonchi, munthu wa nyamakazi akwera bwanji? Ndinati makwerero asiyeni. Akuti mayi, mukufuna akuluwo azingoiyang'ana? Ndinati inu matani mapepala, za m'banja mwanga zisiyeni.

Tinaiwotcha. Inapsa bwino, phulusa linakwera, aliyense anati alandira.

Kuyambira pamenepo mpumulo ndilibe. Ndikangoti ndiwodzere masana, ndi awo agogo ako, aima pansi pa phiko, chipewa m'manja. Ayang'ana m'mwamba, ayang'ana ine. Salankhula. Ali moyo sankalankhulanso, koma uku n'kunyanya. Ndimadzuka, ndisese pamene ndasesa kale, ndiyatse lubani pa chithunzi chawo, ndituluke kumsewu, ndibwerere, osadziwa chimene ndinatulukira.

Bambo ako akuti ndi nyemba zimene ndimadya masana. Mayi ako akuti amayi, ingowotchani makwererowo tonse tipume. Iyeyo angayankhule! Mwamuna wake amatandala pa mpando wa m'sitolo tsiku lonse, kudikira munthu sakudziwa. Ine ndinakalamba ndikuyang'ana kumwamba, mpunga ukuzizira pa mphasa. Ndikawapatsa makwerero lero, tsiku limene ndidzafike kumeneko ndidzapeza chiyani? Phokoso lokha.

Koma kuwasiya chiimire ndi maondo aja, nakonso mtima ukukana.

Ndiye sabata yatha ndinakweranso basi. Mlonda uja atandiona anati agogo, mwabwera ndi dengu lalikulu? Ndinamuuza zonse, poti mlendo sakuseka kawiri. Anakanda mutu, akuti ilipo ina ya mtundu womwewu, ya mipando iwiri, yophunzitsira, koma kwawoko kulibe.

Apa ndiye pali pempho langa. A Tich akuti sapanga chimene maso sanaone, akufa sanamizidwa. Bambo ako akana kundifufuzira, akuti kukonzera munthu wamoyo mpando kwa akufa n'kuitana maliro. Ngati maliro amadikira kuitanidwa! Iwe foni yako imadziwa zonse. Ndipezere chithunzi cha ndegeyo, mipando yonse iwiri ioneke bwino, utumize kwa a Tich chikumbutso chisanafike. Ikapangidwa ndiiwotcha pamodzi ndi makwerero. Akwere, akhale pansi, maondo apume. Koma akaona mpando wopanda munthu kumbuyo kwawo, sanyamuka. Ndimawadziwa. Ngakhale basi sankakwera ine ndisanakwere.

Mlonda akuti mpando wakumbuyowo ndi wa mphunzitsi, wouza mnzake pokhota ndi potera. Ndinati mwana iwe, ndiye wangawo.

Makolo akusunge, makina a ku fakitale asakulume zala. Undiperekere moni kwa azakhali ako a Nhan, uwauze kuti mafuta a maondo ananditumizira aja amanunkha koma akugwira ntchito. Udye. Ndipo usachedwe, anthu aima.

Ndine agogo ako,
Bui Thi Suu