Laputopu yakana maliro a bambo

Loweruka, 12 Okutobala 2024

Fulashi yafika. Wabwera nayo Abudu, wochokera ku holide ku Mangochi. Yokulunga m'kapulasitiki ka shuga, yomanga ndi ulusi ngati chithumwa. M'katimo maliro a bambo, kuyambira pakhomo mpaka kumanda. Anajambula mlamu wanga Latifu, mobisa, poti ashehe safuna kamera pamaliro. Kutumiza pa WhatsApp anakana. Akuti za pafoni zimamera miyendo. Wanena zoona kamodzi pamoyo wake.

Sindinatsegule. Sinditsegula. Maliro saonera wekha ngati filimu ya karate. Kampani inandimana tchuthi, bambo anaikidwa ine nditaima pageti la eni, yunifolomu pathupi, kutsegulira magalimoto. Chabwino. Koma Lachisanu ndi arubaini, tsiku la makumi anayi chimwalirire bambo. Kumudzi sadaka, kunonso ku Qatar sadaka. Ndauza akwathu onse a m'vila muno, nyumba imene kampani inatiikamo ku Bin Omran, ndi aja a ku Doha Jadeeda: tikatuluka kumzikiti ku mapemphero a Juma, mpunga, mbuzi, dua yopempherera bambo, kenako tionere limodzi pa TV ya pabalaza. Ndikhale pansi pakati pa anthu ngati namfedwa weniweni, wina andigwire phewa. Che Mussa, mkulu wathu kuno, avomera kutsogolera.

Lolemba, 14 Okutobala

Laputopu yakana.

Kuchokera ku shifti, osadya, molunjika pabalaza. Ndasindikiza mabatani awiri aja amaonetsa pa YouTube, olumikizira laputopu ku TV. TV imeneyi imalumikizana ndi foni ya aliyense, ngakhale ya Mnepali wophika. Ndi laputopu yanga ayi. Yangolemba chizungu chake kuti makinawa sangaponye chithunzi popanda chingwe. Kundiuza ine. Ine amene ndinadziphunzitsa ndekha kuika Windows, kusintha batire, kutsuka fani ndi mswachi, popanda wondigwira dzanja. Ndadawunilodi madiraiva mpaka maso kuyabwa. Kuzimitsa, kuyatsa. Chimodzimodzi. Ndaimenya khofi, batani limodzi ladumpha, lalowa pansi pa sofa. Likhale komweko.

Chingwe ndili nacho. Koma TV ili m'khola lachitsulo kukhoma, mabowo onse kumbuyo, loko ngati chibakera. Anaikhoma chaka chatha Akenya ndi Auganda atamenyanirana mpira. Kiyi ali ndi kampu bosi, woyang'anira vila. Foni yanga n'kungotchula, galasi long'aluka, yodzadza, fulashi siidziwa n'komwe.

Tahiru wa bedi lapamwamba, dalaivala wonunkhira perefyumu uja, anaima pakhomo akuseka. "Achimwene, agogo anuwo apumitseni. Bweretsani fulashi, pa foni yanga ndi kamphindi." Ndamuuza kuti foni yake ndi msika. Munthu wojambula ngakhale mbale ya nyemba kuti dziko lione.

Lachiwiri, 15 Okutobala

M'mawa kwa kampu bosi. Ndalankhula bwinobwino, manja kumbuyo ngati mwana wasukulu. Bambo anga, maliro, Lachisanu lokha. Sanadzutse mutu pafoni. "Mafi kiyi. Wayalesi basi. Khalasi." Ndiye kuti kiyi kulibe, tilumikize popanda chingwe, nkhani yatha. Ndamufunsa ngati anabadwa kwa munthu kapena anatuluka m'eyakoni. Chichewa samva koma nkhope anaimva. Ndinaona bwino pomenya, pansi pa khutu pali kachipsera. Dzanja kutentha. Ndinaluma lilime mpaka kulawa magazi.

Madzulo ku Doha Jadeeda ndi Che Mussa, kwa amene anandigulitsa laputopuyi. Waitembenuza, wawerenga pansi, waseka. Akuti kadi ya waifai ndi yakale, ya chithunzinso yakale, zinapangidwa nzeru imeneyi isanabwere, ngakhale ndidawunilodi mpaka tsiku la Kiyama. Pogulitsa ankati "same same new". Lero akuti ndigule ina. Nditakana wanditulutsira kachipangizo kobaya kumbuyo kwa TV. Kumbuyo komwe kuli loko! Ndamenya kauntala, mamausi agwa ngati mango. Anzake awiri atuluka kuseri, wina atagwira sikuludiraiva. Ndewu imeneyo ndinaifuna, Mulungu ndi mboni. Che Mussa anandikoka kolala mpaka panja.

Akuti: "Anwari, kuno si kwa Mponda. Kuno chibakera chimodzi ndi tikiti ya ndege."

Tinabwerera pa basi. Laputopu pamiyendo, yotentha ngati yagwira ntchito.

Lachinayi, 17 Okutobala

Nyama ili m'firiji, ndalemba dzina papulasitiki kuti asaibe. Anthu atsimikiza. Ena asinthitsa mashifti chifukwa cha bambo amene sanawaonepo. Che Mussa akuti tingoika laputopu pampando anthu aunjikane. Kasikirini kamdima kaja, ukapendekeka pang'ono umaona mizukwa yokha, sipika yolira ngati udzudzu. Amuna makumi awiri kukankhana mitu. Bambo anga asanduke kachidole. Ayi.

Ndapereka fulashi kwa Tahiru. Ndinamugwira dzanja osalisiya. Ndati ilowe m'foni, ionetsedwe mawa, ifufutidwe ine ndikuona. Ikapita kwa munthu wina ndikuthyola. Mawu amenewo, Che Mussa ali pomwepo. Tahiru: "Wallahi achimwene, mukundiona ngati mwana?"

Tayesa ndi kanema wa mpira. Yagwira pomwepo. Zonse za pafoni pake zikuoneka pakhoma, ngakhale kabatire ka pakona. Chandiwawa n'kuphweka kwake.

Laputopu ndaikankhira pansi pa bedi, kuli nsapato.

Loweruka, 19 Okutobala

Dzanja latupa, cholembera ndagwira ngati khasu. Ndilemba basi.

Dzulo anabwera onse. Dua inayenda bwino, mpunga unakwana. Tinatseka makatani. Tahiru pakona ndi foni yake, kudzimva ngati woyendetsa ndege. Nyumba yathu inatuluka pakhoma, yaikulu, udzu wa padenga utada. Amayi pakhonde, mpango woyera. Mawu a azakhali ndinawazindikira asanaoneke. Jeneza yonyamula mtembo itatuluka pakhomo, pabalaza ponse anayamba La ilaha illallah pamodzi ndi a m'kanemamo, ngati tikuyenda njira imodzi. Che Mussa anandigwira bondo. Ndinalira, sindibisa. N'zimene ndinkafuna. Ndinali pamaliro a bambo anga.

Onyamula jeneza anali atafika pamtengo wa mango wolowera kumanda. Pamwamba pa TV panatsika uthenga. Gulu lawo la madalaivala. Zilembo zazikulu, aliyense anawerenga: "Zaka zonsezi ku Qatar, bambo kutulukira m'nyumba yaudzu," ndi tinkhope toseka. Wina pansi pake: "Tumizanso ija ya amayi akugubuduka." Tahiru anathamangira kuchotsa ndi chala, m'malo mwake anatsegula gulu lonse. Amayi anga ali pamenepo, pansi, m'fumbi. Wotumiza dzina lake. Lachinayi lomwelo.

Za pakati sizikubwera mwadongosolo. Mbale ya mpunga inauluka. Ndinamupeza asanaimirire. Choyamba pakamwa, ndinamva dzino likulowa m'chala changa. Kenako china, china. Mutu wake pa khola la TV, chitsulo chinalira ngati belu. Ankangoti achimwene, achimwene, magazi pa kanzu yoyera ya Lachisanu. Atagwa sindinasiye. Foni ndinaiponda ndi chidendene mpaka inazima, TV n'kusanduka buluu. Anandigwira ambiri, wina khosi, wina miyendo. Mmodzi ndinamuluma, akuti ndi Abudu. Pepa Abudu, iwe unalibe mlandu.

Kampu bosi anafika akuthamanga, kiyi m'manja, kutsegula khola kuti aone ngati TV yasweka. Tahiru ali pansi sanamuyang'ane. Kiyi uja ankati kulibe. Ndinaseka mpaka ondigwira anachita mantha.

Lamulungu, 20 Okutobala

Andiletsa kupita ku shifti. M'chipinda palibe wondiyankhula. Bedi lapamwamba lopanda munthu, perefyumu yokha ikununkhirabe. Pabalaza akolopa koma mpunga udakali m'makona.

Ndikatseka maso ndikuona tinkhope toseka tija. Akanakhala pano onse a m'gulumo, mmodzimmodzi.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Tahiru nsagwada aimanga ndi mawaya, phala akumwera m'kapaipi. Che Mussa akhala akupita kuchipatala kukamupempha asapitirize za polisi. Wavomera ndi mutu. Koma kampani yati khalasi. Yunifolomu ndabweza, ndege Lachinayi. Ku ofesi andifunsa ngati ndikupepesa. Ndati ndinamuuza chimene ndidzachite ndipo ndachita, bodza ndilibe. Panja Che Mussa anandipatsa fulashi yanga, anaipeza m'thumba la kanzu ija. Akuti: "Chilungamo chakocho ukawaphikire mayi ako adye." Wina akanandiuza choncho akanatola mano. 

Amayi aimba. Ngati sadaka inayenda, ngati anthu anakhuta. Ndati anakhuta. Akuti malata ofolera nyumba tiyambe kugula mvula isanagwe. Ndati tikambirana. Za ndege ya Lachinayi sindinatchule. Za gulu lija sakudziwa, kapena akudziwa, sindinafunse.

Masana onse ali kuntchito, vila yonse zii. Ndakoka laputopu pansi pa bedi, ndabaya fulashi. Yatsegula bwinobwino, galu ameneyu, osafunsa kanthu. Ndayambira pa mango paja. Mdima, ndachita kuwerama mpaka mphuno kugunda galasi. Sanda yoyera ikutsika. M'manda muli amalume, ndi munthu wina wa malaya ofiira, waima pamalo panga, walandira mutu wa bambo ndi manja awiri. Nkhope sindikuidziwa. Ndabweza kumbuyo, ndaimitsa, ndapendeketsa sikirini. Sindikumudziwa.

Ndatembenuka kuti ndifunse kuti ameneyu ndi mwana wa ndani. Mabedi okhaokha.