Akufuna kunditengera Estele

Lolemba, 2 Seputembala 2024

Lero yakwana miyezi isanu ndi iwiri chigwereni Estele ndi sitiroko. Mkono ndi mwendo wakumanja zii, mawu pakamwa ndi owerengeka, koma mutu uli bwinobwino, ndipo mkazi wangayu kundilamula sanasiye. Mmawa ndam'manga duku katatu. Kawiri konse walivula ndi dzanja lamanzere n'kundiyang'ana ngati ndaba nkhuku. Kachitatu wadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali, kenaka: "Bola." Zaka 27 ndinathyola tiyi ku esiteti, dengu kumsana, koma palibe kapitawo anandivutapo chonchi.

Masana tinakhala pakhonde kusenda nandolo. Ine mbale yodzaza, iye makoko asanu ndi anayi, kufinya ndi chala chachikulu. Ndinawerenga mwakabisira. Sabata yatha anali anayi okha.

Lachiwiri, 3 Seputembala

Ndakachapa kumjigo. Amayi aja ayambanso: "A Lenard awa anawadyetsa, si chikondi wamba ichi." Ndinati ee anandidyetsa, ndipo ndikufuna mbale ina yowonjezera. Kuseka konse, mpaka wina kutaya sopo m'matope. Koma alamu anga a Alefa, akulu ake a Estele, sanaseke. Anasenza ndowa yosadzaza n'kumapita.

Lachitatu, 4 Seputembala

Ndinadziwa ine kuti ndowa ija ili ndi nkhani. Chakumadzulo kwabwera a McDonald, achimwene ake a Estele, eni mbumba. Akuti ndikuchititsa manyazi mtundu wawo. Mwamuna kuchapa zitenje ndi zamkati za mkazi pagulu, anthu ayamba kufunsa ngati pamtundu pawo palibe akazi. Ndiye agwirizana kale: Estele asamukire kunyumba kwa a Alefa, akazi anzake azimusambitsa, ine andimasule ndibwerere kwathu ku Thuchila. "Mukadali ndi mphamvu alamu, mukhoza kupeza wina." Loweruka ankhoswe akhale pansi.

Kupeza wina! Ndine mbuzi yoti chingwe chaduka ine? Njerwa za nyumba ino ndinaumba ndi manja angawa, koma dothi ndi lawo, mkamwini ndi mlendo ngakhale imvi zimere. Nyumbayo atenge, sindidandaula. Chomwe ndikuopa ndi kudzuka mmawa Estele palibe.

Chandipweteka kwambiri, zonsezi ayankhula iye ali pompo, ngati akukambirana za thumba la chimanga. Mgonero sanaukhudze.

Lachinayi, 5 Seputembala

Phala wakananso. Kutseka pakamwa kuti ndwii, maso kukhoma. Ndinanyengerera, ndinakalipa pang'ono (Mulungu andikhululukire), osatheka. Kenaka ndinayamba kuimba nyimbo ija ankaitsogolera kukwaya, ndikulakwitsa dala mawu, liwu langa la khwangwalali. Mzere woyamba anapirira. Wachiwiri anamenya mpando ndi dzanja, n'kuuimba yekha wonse, mawu onse kutuluka bwinobwino! Munthu wolephera kunena "madzi". A fiziyo, aja omuphunzitsa kuyenda kuchipatala, anandiuzapo kuti zimachitika, koma kumva ndi makutu ako ndi zina.

Ndinati iwe Esite, kodi umangondinamiza eti? Anaseka mpaka dovu, ndinamupukuta. Phala anamaliza, ndi nthochi theka.

Lachisanu, 6 Seputembala

Ndaimbira amalume a Bryson, nkhoswe yanga, kuti abwere mawa akandikanire. Netiweki imadukaduka, kuno foni imangothawira ya ku Mozambiki. Amalume amangoti "ee, ee, ndamva mwana wanga."

Loweruka, 7 Seputembala

Za lero ndilembe zonse.

Tinakhala pansi pa mango. Estele ndinamukhazika pampando wake wansungwi, pilo kumanja kuti asapendekeke. Pa nkhani ya ankhoswe mwini wake sayankhula, ndiye ine chete pamphasa ngati mwana. A McDonald anayala nkhani yawo. Atatha, amalume anawomba m'manja mwaulemu wawo wonse: "Tathokoza kuti mwamuganizira mwana wathu. Watopadi, dzulo amandidandaulira pafoni."

Mayo ine! Nkhalamba inamva zoti ndikufuna kumasulidwa. Ndinawayang'ana, ndinakhosomola, iwo kumangogwedeza mutu kuti agwira ntchito yabwino.

"Ndiye yatha," anatero a McDonald. Anaimirira ndi a Alefa kuti amunyamule pompo. A McDonald kukhwapa uku, a Alefa kukoka mkono wofooka uja. Estele anakuwa, kukuwa koti sindinakumvepo chigwereni.

Mwambo ndinauiwala pomwepo. "Musiyeni! Mkono umenewo sakoka, mugulula phewa!" Ndinawakankha alamu anga awiriwo, ee ndinawakankha, pamaso pa ankhoswe. Ndinawerama monga timachitira tsiku lililonse: maondo anga kutchinga bondo lake lofookalo, dzanja lake lamanzere pakhosi panga, manja anga m'chiuno mwake. Ine ndimati "wani, thuu," iye amamaliza "fili." Anamaliza, n'kuimirira. Koma kolala ya malaya anga sanaisiye, anaigwira mpaka batani kuthothoka.

Apo ndi pomwe a McDonald anakumbukira kuti mlongo wawo ali ndi makutu. "Achemwali, tizipita kwa a Alefa?"

"Ayi." Estele analimbana nawo mawu ena, mitsempha kutuluka pakhosi, tonse kudikira. "Wanga... uyu."

A Alefa anaphimba nkhope ndi chitenje. A McDonald anangoti tikambirananso, n'kukwera njinga yawo. Amalume akundipepesa mpaka pano, ati foni ndi ya satana. Ine ndakalira kuseri kwa bafa, sindibisa. Sindikudziwa ngati ndawina kapena ndawonjezera mlandu.

Lamulungu, 8 Seputembala

Tinali pakhonde, ndikumudula zikhadabo, pomwe ndinaona njinga ya a McDonald ikukhota pamunda wa chinangwa paja. Jekete la kutchalitchi, nkhope yosaonetsa chilichonse. Estele anandigwira dzanja.

A McDonald anakhala pa chitsa, moni, za dzuwa, za mtengo wa nandolo ku Limbuli. Ine ndikungodikira. Kenaka anakanda m'mutu.

"Alamu, za ku Thuchila zija ziiwaleni. Koma kanyamulidwe kaja mundionetse bwinobwino. Tsiku lina mudzagwa ndi malungo inu, nanga tidzatani?"

Anavula jekete n'kulikoleka pachitseko. Anawerama pamaso pa mlongo wawo, ine ndikuwaikira maondo pamalo pake. Dzanja lawo linapitanso kukhwapa kuja. Estele anawamenya pamkono kuti phwa, akuseka.

"Yambiraninso alamu," ndinatero. "M'chiuno."