Mfundo Ziwiri pa Udzu

Lachisanu, 12 Januwale 2024, Mposa

Chisa ndachipeza. Cha tsekwe, kumapeto kwa dambo, kuseri kwa minda ya mpunga. Mazira asanu ndi anayi, akuluakulu. Zaka makumi atatu ndikutchera mbalame zimenezi, lero ndine mlonda wazo. Zoseketsa.

Pamsonkhano alenje anzanga anavomera monyinyirika kuti dambo litsekedwe nyengo imodzi basi. Akaona ana a tsekwe ndi maso awo, litsekedwanso chaka chamawa. Akapanda kuona, misampha ibwerere. Wowaumiriza ndinali ine. Zisa zina zinapita ndi madzi sabata yatha, chatsala chimenechi.

Lachiwiri, 16 Januwale

Mapazi a ng'ombe pafupi zedi ndi chisa. Ndamanga mfundo pa udzu kuzungulira malowo, ziwiriziwiri. Kuno mfundo pa udzu ndiye kuti pali mwini, dutsa patali. Misampha yanga ndinkaisonyeza choncho, palibe anapondapo.

Mng'ono wanga Abdulrahim wandiona ndikutuluka m'matope. Akuti, "Achimwene, mwasanduka nkhuku yofungatira?" Waseka mpaka kutsokomola. Aseke.

Lachitatu, 24 Januwale

Ng'azi. Yadya awiri, makoko ali mbwee. Atsala asanu ndi awiri. Ng'azi sindiyiimba mlandu, pamsonkhano panalibe.

Akhwangwala atatu pamtengo tsiku lonse. Ndawagenda mpaka phewa kuwawa. Udzudzu wandimaliza. A komiti ya alenje amene analonjeza kuti tizisinthana kulondera sindinawaone ndi mmodzi yemwe. Pakamwa pokha.

Lachinayi, 1 Febuluwale

Tsekwe sachokanso pachisa. Amangogoneka khosi mu udzu n'kumandiyang'ana ndi diso limodzi. Masiku ngati khumi, aswa.

Foni yochokera ku Balaka. Mwana wanga Ramla, amene akukhala kwa achibale kumeneko, malungo, sakudya. Mayi ake, Habiba, apita kale m'mawa. Ine mawa. Ndawonjezera mfundo zina kuyambira panjira penipeni, kuti oyendetsa ng'ombe aziona akadali kutali.

Lolemba, 5 Febuluwale, Balaka

Ramla watha thupi. Mankhwala akumwa, phala akubweza. Ndakhala pambali pake tsiku lonse koma mtima uli kudambo. Manyazi. Bambo wanji woganiza mbalame mwana ali gone?

Lachitatu, 7 Febuluwale

Abdulrahim wabwera kudzazonda wodwala. Kampukutu ka nsalu m'manja. Wamasula pamkeka: mazira asanu ndi awiri, ophikaphika, akuluakulu.

Sindinafunse. Wanena yekha, wosangalala: "Mwanayu akufunika za mphamvu. Sindinavutike kusaka iyayi, achimwene. Mfundo zanu ndinazidziwa ndili wamng'ono, pamene pali ziwiri sipasowa kanthu."

Zoona. Ndinamuphunzitsa ndine.

Ndikanamulalatira, koma Ramla anatambasula dzanja. Koyamba sabata yonse kupempha chakudya. Ndatenga dzira, ndasenda ndekha. Mkati mwana wathunthu. Kamlomo, timiyendo topinda, tinthenga tonyowa. Ramla watembenukira kukhoma. Ndaswa lachiwiri, chimodzimodzi. Lachitatu. Onse.

Palibe wadya. Habiba wakataya kudzala, agalu a eni nyumba adya bwino lero. Abdulrahim akuti, "Pepani, ndimayesa ngatsopano." Mlenje wamkulumkulu, osagwedeza dzira kukhutu asanaphike.

Loweruka, 10 Febuluwale

Ramla wadya nthochi ndi phala pang'ono. Alhamdulillah. Wachira popanda mazira a munthu.

Sindinagone tulo tabwino chichokereni Lachitatu. Mkwiyo ulipo, koma ndikausakira mwini wake ukubwerera kwa ine. Ng'azi inasiya asanu ndi awiri. Ine ndinalemba njira.

Lachiwiri, 13 Febuluwale, Mposa

Ndamasula mfundo zonse, imodziimodzi, mvula ikundinyowetsa. Makumi awiri ndi zinayi. Sindinkadziwa kuti ndinamanga zochuluka chonchi.

Msonkhano wa alenje Lamlungu. Ndikawauza chiyani? Kuti anawo ndinawaona, m'manja mwanga, ataphikidwa? Dambo litsegulidwa, aliyense akudziwa. Ena ayamba kale kupota zingwe pakhonde, akundipatsa moni waulemu kwambiri.

Abdulrahim watumiza uthenga. Akuti ndimubwereke misampha yanga ili padenga ija, poti ine ndinasiya.

Tsekwe uja akadali pomwepo, akuzungulira chisa chopanda kanthu. Wandizolowera, sathawanso munthu. Adzayamba kukodwa ndi iyeyo.