Piki ya adzukulu yamangitsa Elliam

Monica m'bale wanga,

Ndakupatsa moni kuchokera kuno ku Balaka. Mwendo wako uja waphwa? Ine thupi lilipo, koma mtima uli gu gu gu ngati chigayo cha pa Nsanama, chakudya sichikulowa.

Mdzukulu wanga Elliam akadali m'chitokosi. Akuti iye ndi anzake awiri a kabaza, Yoram ndi Raymond, anapangana zoboola khoma la golosale ya munthu kuno. Golosaleyo ndakaiona ndi maso angawa, ili chiimire, ngakhale paketi ya mchere sinasowe. Ndinafunsa loya wake, mtsikana wowonda dzina lake Cathy, kuti akumangiranji munthu poti palibe chabedwa. Iye anati kupangana kokhako ndi mlandu kale, ndipo poti mapangano a akuba salembedwa, khothi limaona zimene aliyense anachita pokonzekera.

Yoram akuti ankaponyera galu wa mlonda nyama kuti amuzolowere. Raymond anakayeza khoma ndi mapazi. Cathy akuti woweruza akakhutira kuti anali amodzi, zochita za awiriwo adzamusenzetsanso Elliam. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndiye lamulo lake limenelo.

Nanga chomumangirira mwana wanga kwa anthuwa n'chiyani? Piki. Mayi wina wogulitsa mandasi, pakamwa ngati chitseko chopanda loko, akuti anamuona ataimangirira pa njinga yamoto ataima pakhomo pa Yoram. Monica, ndi piki ya adzukulu a kumanda a kwathu ku Nselema, ija inathyoka pa mwala pokumba manda a alamu ako, malemu amuna anga! Anamupatsira kuti adzawotcheretse kuno. Woimira boma akufuna khothi liilandire ngati umboni wa chiwembu. Cathy akukana, koma akuti pakamwa pa ine gogo wake sipakwanira, pakufunika amene anamutuma.

Pempho langa ndi limeneli. Pita kwa a Ambrose, mkulu wa adzukulu, abwere adzanene za pikiyo kukhothi Lachinayi likudzali. Ndikudziwa amati za kumanda sazitulutsa pagulu. Ndikudziwanso sandiyankha moni chiwanenereni pamaliro paja kuti manda akumba ngati dzenje la mbatata. Analidi osaya, koma iwe usakawakumbutse. Gwira tambala wanga wofiira upite naye, ukagwade m'malo mwanga. Akafuna ine mwini, ndidzabwera ndi maondo kuchokera pamsewu.

Dzulo ndinamuona mwanayo atamumanga unyolo dzanja limodzi ndi Yoram. Anandifunsa ngati a Ambrose akubwera, ine ndinangoti eya. Usandisandutse wabodza.

Upereke moni kwa alamu anga, azakhali a ku Liwonde ndi ana onse. Amayi a mpingo atiikize m'mapemphero.

Ndine mkulu wako wosowa mtendere,
Dorica