Belu la ku Mtandaza

Lachiwiri, 19 Novembala

Kutentha kwa lero, Chelstone yonse ngati ng'anjo ya njerwa. Mitambo ikungosonkhana, mvula osagwa.

Tryness wanditumizira zithunzi za tchalitchi chathu cha ku Mtandaza. Mlamu wanga ameneyu, chimwalirire mwamuna wake, mlongo wanga wina uja, ndiye maso anga ku Katete, ndiyenso akuphikira atate. Ndaziyang'ana zithunzizo mpaka tiyi kuzizira. Alongo anga ba Morris agwira ntchito, tisaname. Penti yoyera mbee, khonde la matailosi, ndipo pamwamba pa khoma lakumaso amangapo kansanja ka simenti. M'menemo ndimo apachika belu lija anagula ku famu ina yotsekedwa. Chibelu chenicheni. Mwambo wolipereka ndi Lamulungu la pa 1 Disembala.

Koma maondo kulibe! Zipilala ziwiri zija zinkachirikiza khoma lakumaso, kwathu timati maondo a tchalitchi, azigumula kuti khonde likwane. Tili ana tinkakhalapo podikira Sande sukulu, mpaka zinasalala ndi matako athu. Mtengo wa mubanga uja atate ankapachikapo njanji yoitanira anthu audulanso, ati magalimoto a alendo aima pati. Njanjiyo anapita nayo ogula zitsulo. Mtima wandiwawa.

Lachinayi, 21 Novembala

Chithunzi china. Tryness wangolemba kuti, "Mlamu, onani apa." Mng'alu, kuchokera pa kansanja kutsika mpaka pamwamba pa chitseko. Akuti chala chikulowa.

Khoma limenelo mulibe simenti ngakhale supuni. Njerwa anaumba makolo athu, mudzi uliwonse ng'anjo yake, n'kumanga ndi dothi la pachulu. Zina ukaziyang'anitsitsa zili ndi zala za amene anaumba. Mawindo osongoka pamwamba, opanda galasi. Mipando ya njerwa imene azimayi a Chigwirizano amazira Khirisimasi ikayandikira. Zaka zonsezi khomalo lanyamula malata ndi mitanda basi. Manje alisenzetsa chitsulo, n'kulithyola maondo.

Woliza belu ndi atate, palibenso wina. Chingwe chikulendewera pakhomo penipeni, pansi pa mng'aluwo.

Lamulungu, 24 Novembala

Titaweruka mapemphero ndawaonetsa ba Gerald, mkulu wa mpingo wathu kuno, amene anapuma ntchito ya zomangamanga. Akuza chithunzicho ndi zala, avula magalasi, avalanso. Atero: "Ba Beatrice, kulema kwa belu ni vuto imodzi. Koma likayamba kugwedezeka lizakankha chipupa. Asakoke chingwe, olo kamodzi."

Ndafunsa za mvula. Anangoyang'ana kumwamba.

Lolemba, 25 Novembala

Ku Kabulonga kwa ba Morris nditaweruka kusukulu. Mlonda wandiimika pageti ngati ndabwera kudzagulitsa tomato, ine mlongo wa mwini nyumba! Ba Morris ndawapeza akuyesa suti.

Zithunzi anaziona kale. Akuti womanga wamata ndi simenti, wapakanso penti, palibe chooneka. Ndati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Apsa mtima. "Iwe Bea, unayamba liti zomanga? Abusa naitana, kwaya naitana, ng'ombe yagulidwa. Manje ufuna niuze anthu ati chani?" Ndati auzeni kuti khoma lidzagwera atate anu. Ati ndili ndi pakamwa poipa kuyambira ubwana. Mwina n'zoona, koma pakamwa panga si pamene panagumula maondo.

Sindikuti ndi munthu woipa. Akufuna atate amve belu lenileni asanafe. Atate akhala akumenya njanji ndi hamala chiyambire tisanabadwe, n'kumanena kuti tsiku lina belu lidzabwera. Ndicho chimandilepheretsa kukalipa mpaka pamapeto.

Lachitatu, 27 Novembala

Ndaimbira atate. Aseka mpaka kutsokomola. Ati khoma limenelo linaona njala, linaona chimphepo chija chinasasula sukulu, lingaope belu? Akuti akusita kale jekete la maliro a amayi, ndilo adzavale.

Ndaimbiranso mlembi wa mpingo kumeneko. Wandimvera bwinobwino, kenaka n'kuti, "Amayi, mphatso ya kwa Mulungu sitiifufuza. Tikakana ya mwana wa pamudzi pano, adzatipatsanso ndani?" Abusa ali ndi mipingo yambiri, adzangofika m'mawa wa tsikulo.

Tryness akuti kwagwa mvula yamphamvu dzulo. Penti yatsopano ija yang'ambikanso, njira yomweyo.

Lachinayi, 28 Novembala

Mulungu samagona! Ba Morris anyamuka lero kupita kumudzi pa galimoto yawo, koma andiimbira ali pa Chongwe, mawu ofewa ngati sitinakangane. Belu lilibe lilime. Chitsulo chija chimagogoda mkati chinathyoka pokolowekera, ndiye chili kwa wowotcherera ku Kabwata, sanamalize. Ati ndikachitenge mawa, ndipite nacho Loweruka pa basi.

Ndavomera msangamsanga, mpaka iwo kudabwa.

Lachisanu, 29 Novembala

Ku Chigwirizano sindinapite. Ndapita ku Kabwata. Wowotchererayo wachikulunga m'thumba la simenti, ati, "Mami, muzakwanisa?" Ndakwanitsa. Mu minibasi ndinachiika pamiyendo ngati mwana, kondakitala n'kumafuna ndilipirire katundu.

Chili pansi pa bedi tsopano. Belu lopanda lilime sililira. Losalira palibe wokoka chingwe. Adzadya ng'ombe yawo, adzajambulitsa pakhonde, adzanditukwana chaka chathunthu, atate adzakhala moyo. Mwambo ukatha ndidzapita ndi ba Gerald, tikaone zobwezera maondo.

Mawa ndidzanena kuti shuga wakwera, sindingayende. Bodza, inde. Ambuye andikhululukire, aona okha chifukwa chake.

Loweruka, 30 Novembala

Ba Morris aimba m'mawa, ndawauza za shuga. Zimene anena sindilemba m'buku muno. Ati nditumize ndi kondakitala wa basi, ndati mutu ukuzungulira, sindingafike kokwerera mabasi ku Intercity. Adula. Ndachapa, ndasesa, ndinali kuimba ndi nyimbo. Chitsiru ine.

Cha m'ma 5 koloko atate aimba okha, iwo amene saimba foni pokhapokha pagwe maliro. Kundifunsa za thupi, kundiuza ndimwe madzi ambiri. Kenaka: "Za lilime usavutike nazo, mwana wanga. Morris asakudandaulitse. Belu ndi chitsulo, njanji ndi chitsulo. Ndabwereka makwerero kusukulu, ndidzawatsamiritsa pakhomapo, ndidzakwera ndi hamala yanga. Anthu adzalimva."

Ndinakhala pansi pakhonde, pa simenti yotentha.

Ndaulula zonse. Ndati sindikudwala, lilime lili kuno, ndinalibisa ndine, musakwere atate, ndikupemphani. Ati, "Beatrice, wanamiza mlongo wako chifukwa cha khoma?" Ndati chifukwa cha inu. Ati iwo sanaphonyepo kuitana anthu a Mulungu, ngakhale tsiku limene tinaika amayi, ndiye sadzayamba mawa pamaso pa alendo. Belu loyamba ndi 8 koloko. Foni akuti yatha moto.

Ba Morris sakuyankha. Mlembi sakuyankha. Onse ali kophera ng'ombe.

Tryness wayankha. Ndati bisa hamala. Ati, "Ili kuchipinda kwao, mlamu. Ine ndilowe kuchipinda kwa apongozi?" Ndati chotsa makwerero. Ati awagoneka m'tchalitchi, makiyi ali m'thumba la jekete. Ndati ndiye uwagwire mkono mawa, ugwade, ulire, chilichonse. Anayamba kulira pomwepo. Zaka zonsezi amawapatsa chakudya atagwada chapatali, nkhope kumbali, sanawayang'anepo m'maso. Ndikumutuma chimene sangathe, ndikudziwa.

Kumbuyo kwake ndimamva mvula pa malata, yosalekeza.

Ndathamangira ku Intercity. Mabasi a kum'mawa onse anapita, atsala a mawa. Anyamata okopa anthu kundikoka uku ndi uku, "Mami Chipata? Mami Chipata?" Ndagula tikiti ya basi yoyamba. Ngakhale ithamange bwanji, ku Katete ndi masana. Ndikudziwa. Nanga ndikhale m'nyumba ndizitani?

Ba Gerald ati ndikapeza aliyense ndimuuze amange chingwe kuzungulira khonde, anthu alowere khomo lakumbali. Ndatumiza uthenga kwa aliyense amene ndili ndi nambala yake. Palibe wawerenga.

Lamulungu, 1 Disembala

Intercity, m'basi. Anati inyamuka m'mamawa, koma yafa china chake, akuti tidikire ina ikuchokera ku galaja. Kwacha tili pompano. Mlaliki wina waima pakati pa mipando, akupempherera ulendo umene sunayambe.

Chikwama chili pamiyendo. Sindikudziwa chimene ndachitengera chitsulochi. Kuti ndikawapatse akoke chingwe? Kuti ndikawaonetse? Ndinangopezeka ndachinyamula.

7 koloko yadutsa. Ba Morris ayankha tsopano, phokoso la kwaya kumbuyo. Ndati atate asakwere, kwezani mnyamata, kapena musalize n'komwe. Ati, "Unafuna kutichititsa manyazi, manje mudala wapeza nzelu. Musiye asangalale." Ndakuwa m'basi muno mpaka mlaliki kusiya pemphero. Adula.

Mvula yayamba kuno nakonso. Ogulitsa mabisiketi athawira pansi pa malata.

Yafika basi ina. Atisamutsa.

Tryness waimba tisanatuluke pageti. Poyamba sindinamve mawu ake, anthu okhaokha kukuwa, wina akuti bweretsani makasu, wina akuti chotsani ana. Ndati Tryness, lankhula. Ati, "Lalira, mlamu. Lalira bwino, anthu mpaka nthungululu. Anamenya kachiwiri, khoma n'kugwa." Ndati atate ali kuti. Ati ba Morris akufukula ndi manja, suti yonse matope. Ndati ndakufunsa atate ali kuti.

Ati, "Aona nsapato."

Basi yatuluka, tili pa msewu wa Great East. Kondakitala akuti chikwama changa n'cholemera, achiike kumbuyo. Ndakana.