Mwendo wa Mlonda

Lachisanu, 7 Marichi

Filimu yatuluka lero. Miyezi isanu ndi inayi ya msana kuwawa, maso kuyabwa, tiyi wozizira pambali pa kompyuta. Lero dziko lonse likuonera.

Tinaonera ku ofesi masana, pakhoma la chipinda cha misonkhano. Makatani otseka, mipando yosakwana, ine chiimire. Ndi nthambi chabe ya mafilimu akuluakulu aja a zombo za m'mlengalenga, aja anthu anakula nawo. Eni ake ali kutali, ife amangotitumizira zidutswa kuti tizipatse moyo pa kompyuta. Wina utsi, wina nyenyezi. Mahedifoni, mnzanga wokhala desiki yoyandikana ndi yanga, anapatsidwa moto wotuluka kumbuyo kwa zombo. Ine Mlonda.

Mlonda: chamoyo chachitali, chotuwa, khungu ngati nsapato yakale. Amalondera doko la zombo pa mwezi wina wake wa m'mlengalenga. Amatuluka m'kanyumba kake, kuyenda mpaka pachipata, kutsegula. Basi. Masekondi khumi ndi awiri. Zithunzi 288, chimodzichimodzi, ndi dzanja langali.

Eni filimu analemba kuti ndi msilikali wakale, anavulala kalekale, aziyenda molemera. Ntchito yathuyi sungoyendetsa chinthu kuchokera m'mutu, umayamba wajambula munthu weniweni, kenako n'kumatsatira. Anzanga amadzijambula okha pakhonde la ofesi. Nanenso ndinayesa kunamizira kutsimphina, zinkaonekeratu kuti ndi bodza. Ndiye ndinajambula abambo. Chaka chachiwiri tsopano chiwagwirireni sitiroko. Foni pampando kumapeto kwa kolido ya kunyumba, iwo kuyenda kuchoka kuchipinda kwawo mpaka pachitseko cha khitchini. Kasanu ndi kawiri. Anavalira jekete, munthu woti mufilimumo saonekamo n'komwe. Anandiuza kuti, "Ndi ntchito iyi, mayi. Zaka makumi atatu ndinagawa makalata, sindinapiteko ndi malaya ogonera."

Dzina langa linadutsa kumapeto, tizilembo ngati nyerere. Ndinalijambula, chithunzi chinatuluka mbuu.

Madzulo abambo: "Ndiye tionera liti?" Ndati Lamulungu, ndikapuma.

Loweruka, 8 Marichi

Bwenzi ndisanatsegule foni.

Ndinangoti ndione pang'ono zovala zili m'madzi. Ola lathunthu, sopo mpaka kuuma m'manja.

Okonda mafilimu akale aja akwiya. Akuti kale ankapanga zidole zenizeni za mphira, munthu n'kulowamo, izi ndi zojambula za ana. Akuti zombo zikuoneka zopepuka ngati mapepala. Moto wa Mahedifoni wina wati ndi kandulo ya pa keke. Ndinaseka, Mulungu andikhululukire. Ndinamutumizira.

Kenako ndinafika pa zanga.

"Taonani pa mphindi 31, kompyuta inajama mwendo uli m'malere." Wina: "Analipira ndani kuti apange zimenezi?" Wina wadula masekondi anga aja, waika ng'oma pansi pake, Mlonda akungobwerezabwereza. Anthu afa nalo phwete. Manambala a oonera ndinasiya kuyang'ana.

Chimene akuti kujama ndikuchidziwa. Phazi lamanja kuponda. Chiuno cha kumanzere kukwera, mwendo kuzungulira kunja, chala kukhwekhwereza pansi. Kenako kuima, theka la sekondi, mutu kuwerama pang'ono. Phazi limenelo abambo salimva. Amaima kuti aone ndi maso ngati lafika. Ndinataya milungu itatu pa kuima kumeneko kokha.

Wina analemba kuti amene anapanga izi sanaonepo munthu akuyenda. Ine? Ine wodzuka m'mawa uliwonse n'kumamvetsera mapazi awo mpaka afike kubafa?

Zovala ndayanika mochedwa. Sizinaume.

Lolemba, 10 Marichi

Dzulo ndinanama. Ndinati netiweki yavuta. Abambo anali atameta kale ndevu, jekete ili pampando. Anangoti, "Chabwino mayi, filimu siwola." Ndinalowa kukhitchini kukatsuka mbale zotsuka kale.

M'mawa pa siteji. Oitanira minibasi awiri, amuna akuluakulu a ndevu zawo, akuyenda ngati Mlonda, wina akuimba ng'oma ija ndi pakamwa. Chiuno m'mwamba, mwendo kuzungulira, khwee, kuima. Amayi ogulitsa pamenepo kugwira nthiti. Choipa n'chakuti amakhoza. Ndendende. Akutsanzira bambo anga osawadziwa, ndipo ndinawaphunzitsa ndine.

Ndinakwera minibasi yachiwiri, osati yawo, ndinkaopa kuti nkhope indiulula.

Ku ofesi zii. Aliyense maso pa kompyuta yake ngati pagwa maliro. Kapitawo wathu wadutsa kumbuyo kwanga kawiri osanena kanthu, fungo la khofi lokha. Mahedifoni yekha ndiye akudziwa amene ndinamujambula. Anavula mbali imodzi ya mahedifoni ake, chinthu chimene sachita ngakhale alamu ya moto ilire. "Asisi, musamawerenge zimenezo. Anthu amenewa ngakhale dzuwa lenileni mutawaikira anganene kuti ndi la pa kompyuta."

Ndawerengabe. Pa nkhomaliro, m'chimbudzi, m'minibasi pobwerera. Ngati kukanda chilonda.

Mutu ukuwawa. Mankhwala a abambo a magazi atsala a masiku asanu ndi atatu, ndisaiwale.

Lachitatu, 12 Marichi

Kapitawo wandiitana. Chitseko anatseka, ndiye ndinadziwiratu.

Eni filimu akufuna tikonze. Masiku ano filimu siithera tsiku lotuluka, amangosintha chidutswa mwakachetechete, oonera mawa amapeza china. Zidutswa zinayi, changa choyamba pa mndandanda. Pofika Lachisanu.

Ndinati anavomereza okha. Kalata yawo ndili nayo, analemba kuti kayendedweka kawagwira mtima. Kapitawo anapukuta magalasi nthawi yaitali. "Inali nthawi imeneyo. Palibe akukuimba mlandu. Akungofuna aziyenda bwinobwino."

Bwinobwino.

Anati ngati zikundivuta apatse wina. Ndinakana msangamsanga mpaka anadabwa. Munthu wina agwire mwendo umenewu? Ayi. Kuli bwino ndiuwononge ndekha.

Ndikanamuuza. Mawu ndinali nawo: ndi bambo anga amenewo, umu ndi mmene munthu amayendera thupi likamukana theka. Koma ndinaganiza za Epulo, mwezi woona amene atsale ndi amene apite. Ndinaganizanso za nkhope yake ya chisoni, ndi ofesi yonse kumandiyang'ana mondimvera chifundo. Ndinangoti chabwino bwana. Mantha basi, ndisadzinamize.

Kunyumba ndinapeza amayi a mafizo, owaphunzitsa kuyenda, akumaliza ndi abambo. Akuti mwezi uno abambo akulimbikira kuposa kale, kolido akuiyenda kakhumi osawakakamiza. "Paja akuti ali mufilimu? Auza aliyense. Ometa tsitsi, a pa shopu, ngakhale ine andiuza katatu." Ndinamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Lachisanu, 14 Marichi

Ndatumiza 4 koloko.

Kukonza sikunavute, ndicho chikundiwawa. Chimene ndinamanga milungu isanu ndi umodzi ndachiphwasula masiku awiri. Pa kompyuta mwendo ndi mizere chabe. Wa chiuno unali ndi kaphiri, ndakasalaza. Wa phazi unkakhota, ndauwongola. Kuima kuja ndi zithunzi khumi ndi ziwiri. Ndinazisankha zonse, chala pa batani, ndinakhala kaye. Mahedifoni anadzuka n'kupita kukatunga madzi, botolo lake lili lodzaza.

Ndinadina.

Tsopano Mlonda akuyenda ngati mlonda wa pa banki. Gu, gu, gu, wafika, watsegula. Wafulumira ndi sekondi imodzi ndi theka, ndachita kuwonjezera utsi kuti nthawi ikwane. Kapitawo wati zili bwino kwambiri, wandigwira paphewa.

Abambo sanafunse za filimu lero. Dzulonso sanafunse. Anangofunsa ngati ku ntchito kuli bwino, maso ali pa ine nthawi yaitali. Ndati kutopa chabe.

Lachiwiri, 18 Marichi

Asintha dzulo. Ndimayesa anthu akhala chete. Kaya ndinali kuganiza chiyani.

Omwe aja, omwe aja ndithu, lero akuti bwezeretsani Mlonda wathu. Akuti chinali chinthu chokhacho chamoyo mufilimu yonse. Wina wasindikiza malaya. Ena akuti kampani ndi yamantha, ena akuti yakonza mochedwa, ena akukangana za mtundu wa utsi umene ndinawonjezera uja. Utsi! Abale inu. Anthu awa safuna kanthu, amangofuna pokhalira pakamwa.

Pakati pa phokoso lonselo, mayi wina, chithunzi chake ndi maluwa chabe. Walemba mizere itatu. Akuti mwamuna wake anadwala sitiroko zaka zinayi zapitazo, ndipo ataona Mlonda woyamba uja anaimitsa filimu n'kumuitana kuchokera kukhitchini: bwera udzaone, wina akutidziwa. Akuti dzulo amafuna kuonetsa ana awo, apeza palibe.

Amene ayankha ndi atatu. Mmodzi waika nkhope yoseka.

Ndinayamba kumulembera. Ndinafufuta. Ndikanati chiyani, ndine ndinapanga, ndinenso ndachotsa?

Sindinadye nkhomaliro. Mankhwala ndagula.

Lamulungu, 23 Marichi

Mabodza anandithera. Netiweki, kutopa, rimoti yosowa. Lero titachoka patebulo masana anangoti, "Mayi, yatsa." Jekete atavala kale.

Ndinaganiza kuti mwina zili bwino chonchi. Aona chinthu choyenda mowongoka, chopanda choseketsa, anyadira, nkhani yatha. Ndinawasendezera mpando pafupi ndi TV. Zombo, nkhondo, moto wa Mahedifoni, zonsezo anaonera mwaulemu ngati ulaliki wa mlendo. Pa mphindi 30 ndinati akubwera. Anawongola msana, ndodo anaigoneka pamiyendo.

Mlonda anatuluka. Gu, gu, gu. Chipata.

Abambo anati: "Bwezera." Ndinabwezera. Anaoneranso, mutu atapendeka.

"Uyu ndani?"

Ndinayamba zolongosola. Eni filimu, nthawi, makonzedwe a masiku ano. Anakweza dzanja labwino lija, ndinasiya.

Akuti anaona kale. Ometa tsitsi anawaonetsa pa foni sabata yoyamba yomwe ija, ndi ng'oma zake zomwe, shopu yonse ikuseka mpaka wina anazindikira n'kukhala chete. Iwo akuti anawauza kuti sekani, mwana wanga sanaphonye ngakhale pamodzi, ndine ndendende. Masabata awiri akudziwa. Masabata awiri akundiyang'ana ndikunama za netiweki, akungodikira kudziona pa TV yaikulu.

Ndinati ndimaopa kuti muwawidwa mtima, bambo. Anthu amaseka.

"Pamsewu saseka? Ndikamapita ku shopu ukuganiza sindiwamva? Ndimakafikabe."

Anafunafuna ndodo, ndinati ndiwagwire mkono, anakana. Kuimirira kunawatengera nthawi. Ali chiimire anayang'ananso TV, Mlonda wowongoka uja ataima pachipata pomwe ndinaimitsira.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Tsiku lija unandijambula, ndinkati pali munthu mmodzi amene amandiyang'ana ndikuyenda osachita manyazi."

Anavula jekete ndi dzanja limodzi, anaisiya pampando. Ikadali pomwepo, sindinaikhudze.

Alowa kuchipinda chitseko n'kutseka, dzuwa likadali pamwamba. Tiyi ndinawaikira pakhomo wazizira. Ine ndili patebulo la kukhitchini ndi kope ili. Mlonda woyamba ndikadali naye pa fulashi ya kompyuta m'chikwama, zithunzi zonse 288, sindinauze munthu. Kaya ndikawaonetse, kaya ndikuwonjezera chipongwe. Mawa Lolemba. Kapitawo amafika 8 koloko, ndikhoza kumuuza zonse, mochedwa momwemu, ngakhale sizibweza kanthu.

Chitseko chatseguka. Ali mu kolido. Phazi lamanja. Khwee. Aima.

Akubwera kuno. Nditukule mutu, ndiwayang'ane mpaka afike, ndisayang'ane kumbali.